Kogona pokaona msika wa Khirisimasi ku Nuremberg: hotela yaing'ono kapena kwina?

Msika wa Khirisimasi wa ku Nuremberg, ku Germany, umene eni ake amautcha Christkindlesmarkt, umatsegulidwa Lachisanu lomaliza Adiventi (nyengo yokonzekera Khirisimasi) isanayambe, ndipo umatha pa 24 Disembala masana. Umachitikira pabwalo la Hauptmarkt, kutsogolo kwa tchalitchi cha Frauenkirche, m'timisasa tamatabwa pafupifupi 180 tofoleredwa ndi nsalu za mizere yofiira ndi yoyera. Umboni wakale kwambiri wa msikawu ndi kabokosi kolembedwa chaka cha 1628. Masiku ano anthu pafupifupi 2 miliyoni amafikako m'milungu inayi yokha, mumzinda wokhala anthu ongopitirira theka la miliyoni. Apa ndi pamene nkhani ya kogona imavutira.

Ndikulembera inu amene muli ku Britain kapena m'maiko ena a ku Ulaya ndipo mukufuna kudumphirako masiku awiri kapena atatu, komanso inu ochokera kumudzi kapena ku Joni amene mwabwera kudzaona abale nyengo ya Khirisimasi. Ndisabise maganizo anga: pa ulendo waufupi, hotela yaing'ono ya m'kati mwa linga la mzinda ndi imene ndimaikonda. Koma siyenera munthu aliyense, ndipo ili ndi mavuto amene zithunzi za pa intaneti sizionetsa.

Miyeso imene ndagwiritsa ntchito

Chinthu choyamba kuchidziwa ndi kuzizira. Mu Disembala dzuwa limalowa nthawi isanakwane 4:30 madzulo, ndipo masana amene kuzizira kumazungulira madigiri 0. Si chisanu cha ku Dedza mu Juni chimene chimatha dzuwa likakwera. Mukaima pamiyala maola awiri kapena atatu, zala zakumapazi zimachita dzanzi ngakhale mutavala masokosi awiri. Msika umakongola kwambiri kukada, magetsi atayaka, koma anthu ambiri amafika pa nthawi imeneyo atatopa kale chifukwa akhala panja kuyambira m'mawa. Choncho funso limene ndimadzifunsa pa malo ogona alionse ndi ili: kodi nditha kubwerera masana, kukavula nsapato, kumwa tiyi, kugona pang'ono, n'kutulukanso 5 koloko ndili ndi mphamvu?

Pambali pa funsoli, njira iliyonse ndaiyeza pa zinthu zinayi. Mtengo ndikutanthauza ndalama zonse pamodzi: chipinda, kadzutsa, zolipira zapadera ndi mayendedwe, osati nambala yoyamba imene ikuonekera pa foni. Kupezeka kwake ndi funso la nthawi imene muyenera kusungitsa malo. Chisamaliro ndi nkhani ya amene amakonza m'chipinda, kutenthetsa, kuphika ndi kusunga makiyi, komanso ntchito imene ikugwereni inuyo. Chomaliza ndi zimene zingavute.

Kwa amene mukuyendera pasipoti ya Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique kapena South Africa, pali muyeso wina umene anzanu a pasipoti ya Britain sauganizira. Mukufunika visa ya Schengen, yolowera ku Germany ndi maiko ambiri a ku Ulaya, ndipo chilolezo chokhalira ku Britain sichilowa m'malo mwake. Visayi ndi ma euro 90 kwa munthu wamkulu, imafuna inshuwalansi ya zachipatala yosachepera ma euro 30,000, ndipo imafuna umboni wa kumene mukagone. Ndiye kuti mumasungitsa malo visa isanatuluke. Malo amene sabweza ndalama mukasintha maganizo ndi juga kwa inu, ndipo dziwani kuti lamulo la ku Ulaya lolola kubweza zogula pa intaneti m'masiku 14 silikhudza zipinda zosungitsidwa pa tsiku lodziwika.

Mudziwenso mmene mzindawu unakhalira. Mzinda wakale, Altstadt, wazunguliridwa ndi linga, ndipo mtsinje wa Pegnitz unaudula pakati. Kum'mwera ndi chigawo cha Lorenz, kumene kuli masitolo ambiri, ndipo siteshoni yaikulu ya sitima, Hauptbahnhof, ili kunja kwa linga pafupi ndi chipata cha Königstor. Kumpoto ndi chigawo cha Sebald, kumene kuli msika, ndipo kuchokera pamsikapo njira imakwera chitunda mpaka ku nyumba yachifumu ya Kaiserburg. Kuchokera pa siteshoni, kutsata msewu wa Königstraße, kudutsa tchalitchi cha St. Lorenz (Lorenzkirche) ndi kuwoloka mlatho wa Museumsbrücke, ndi ulendo wa mphindi pafupifupi 15 wapansi. Loweruka madzulo onjezerani nthawi, chifukwa anthu amachita kuthithikana.

Njira yoyamba: hotela yaing'ono ya m'kati mwa linga

Apa ndikunena mahotela a zipinda zochepa, ambiri oyendetsedwa ndi banja limodzi. Mudzaona mayina atatu. Hotel garni ndi hotela yopereka kadzutsa yekha, yopanda lesitilanti. Pension ndi yaing'ono kuposa pamenepo, ngati nyumba ya alendo. Gasthof ili ndi malo odyera pansi ndi zipinda pamwamba.

*Mtengo.* Lachisanu ndi Loweruka mu Adiventi, zipinda zimenezi zimakwera kwambiri, ndipo chipinda chomwecho chimatsika Lamulungu usiku mpaka Lachinayi. Ngati ntchito yanu ndi yamashifiti, monga ambiri a ife osamalira okalamba kapena ogwira m'zipatala, muli ndi mwayi umene a ntchito za mu ofesi alibe: pitani Lolemba, mubwere Lachitatu. Msika ndi womwewo, anthu ndi ochepa. Onetsetsani ngati kadzutsa ali m'kati mwa mtengo. Kadzutsa wa ku Germany ndi wokhutitsa: mabanzi, tchizi, nyama yozizira, mazira, zipatso ndi khofi. Mukadya bwino 9 koloko, masana mumangofunika masoseji atatu a m'banzi amene amawatcha Drei im Weckla, basi. Ndalama ya mayendedwe palibe, chifukwa kulikonse mumafika wapansi. Ndi bwinonso kulembera hotelayo mwachindunji mutaona mtengo pa Booking.com, chifukwa mahotela ang'ono nthawi zina amapereka mtengo wabwinoko kapena mgwirizano wofewa kwa amene abwera okha.

*Kupezeka kwake.* Apa ndi pofooka pake. Hotela ya zipinda 15 kapena 20 imadzaza msanga, ndipo ena amasungitsa malo a chaka chamawa pamene akutuluka chaka chino. Pa Loweruka la Adiventi yambani kufufuza nyengo yotentha ya ku Ulaya isanathe. Mlungu wotsegulira ndi wovuta koposa, chifukwa Lachisanu nthawi ya 5:30 madzulo Christkind, mtsikana wa mumzindawu amene amasankhidwa zaka ziwiri zilizonse, amaima pakhonde la Frauenkirche atavala zagolide n'kutsegulira msika, ndipo bwalo limadzaza mpaka kusowa popondera. Mahotela ena amafunanso kuti mugone masiku osachepera awiri kumathero a mlungu.

*Chisamaliro.* Amakonza m'chipinda, amasintha matawulo, amatenthetsa. Ntchito yanu ndi yochepa. Chimene chimandikoka mtima ndi munthu wa polandirira alendo, amene kawirikawiri amakhala mwini wake kapena mwana wa mwini wake. Iyeyu amadziwa malo odyera amene akadali ndi tebulo, amakusungirani chikwama mukafika nthawi yolowera isanakwane, ndipo tsiku lachiwiri amakupatsani moni ngati munthu amene amakudziwani. Kwa ife amene tinakula mlendo akulandiridwa ndi madzi ndi mpando, zimenezi zili ndi phindu lake.

Pali tizinthu timene timadabwitsa wobwera koyamba. Bedi la anthu awiri limakhala ndi zofunda ziwiri, aliyense chake. Ketulo sipezeka m'chipinda chilichonse monga ku Britain, ndiye ngati simugona osamwa tiyi, funsani. Mapulagi ndi a timiyendo tiwiri tozungulira. A ku Malawi ndi a ku Britain salowa popanda adaputala. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa.

*Zimene zingavute.* Choyamba ndi masitepe. Mzinda wakalewu unaphwasulidwa kwambiri ndi mabomba pa 2 Januwale 1945, koma unamangidwanso motsatira misewu yakale, ndipo nyumba zambiri ndi zopapatiza. Ena mwa mahotela ang'ono alibe chikepe, ena chikepe chawo sichifika pamwamba penipeni. Ngati mukuyenda ndi amayi a vuto la mawondo, kapena sutikesi ya makilogalamu 23, ili ndi funso loyamba kulifunsa. Panja napo misewu ndi ya miyala yoyalidwa, ndipo kukagwa chipale chofewa kapena kukaundana, chitunda cha ku Sebald chimaterera.

Chachiwiri ndi nthawi yotsekera polandirira alendo. Ulendo wina sitima yanga yochokera ku Frankfurt inachedwa, ndipo ndinafika pakhomo la hotela ina yaing'ono itadutsa 10 koloko usiku, pakhomo pali potseka. Kiyi inali m'kabokosi ka manambala pambali pa chitseko, ndipo manambalawo anali atanditumizira pa imelo masana, koma foni inali itatha moto chifukwa cha kuzizira. Ndinathandizidwa ndi mwini lesitilanti yoyandikana amene anandilola kutchaja foni. Kuyambira pamenepo manambala otere ndimawalemba papepala, ndipo ndimauziratu hotela nthawi imene ndikuyembekezera kufika.

Chachitatu ndi phokoso. Walira mvula walira matope: mukafuna kugona pafupi ndi msika, mulandirenso mabelu a matchalitchi a St. Sebald ndi St. Lorenz, magalimoto obweretsa katundu m'mamawa, ndi anthu amene amwa vinyo wotentha wa Glühwein akubwerera mokondwa. Msika umatseka 9 koloko usiku, koma mabala satseka nthawi imeneyo. Pemphani chipinda choyang'ana kuseri, osati kumsewu. Ndipo muone bwino pa mapu: mbali ya linga yotchedwa Frauentormauer, kum'mwera chakumadzulo kwa mzinda wakale, kuli nyumba za oyendayenda zodziwika kuyambira kale. Banja loyenda ndi ana lingakonde kugona kutali ndi kumeneko.

Safunsa anadya phula. Imelo imodzi ya mafunso asanu imathetsa mavuto ambiri amenewa: chikepe, nthawi yotseka pakhomo, mbali imene zenera layang'ana, bafa ngati lili m'chipinda momwemo, ndi tsiku lomaliza kusintha maganizo osalipira. Ambiri amayankha m'Chingelezi bwinobwino, ndipo mmene akuyankhirani mumaoneratu mmene akakulandirireni.

Njira yachiwiri: hotela yaikulu ya kampani pafupi ndi siteshoni

Kuzungulira Hauptbahnhof kuli mahotela a makampani odziwika monga Motel One, ibis ndi Premier Inn.

*Mtengo.* Mitengo yawo imasintha malinga ndi kuchuluka kwa ofuna zipinda, mofanana ndi matikiti a ndege. Mukasungitsa msanga ingakhale yotsika kuposa ya hotela yaing'ono, mukachedwa ingaipitirire. Kadzutsa kawirikawiri amalipiridwa padera, munthu aliyense, ndipo kwa banja la anthu anayi ndalamayo imakula. Komabe m'siteshoni muli mabekale ambiri otsegula m'mamawa, ndiye mungathe kumusiya kadzutsa wa ku hotela osavutika.

*Kupezeka kwake.* Zipinda ndi zambiri, choncho apa ndi pamene wochedwa amapezera mwayi. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: Nuremberg ndi mzinda wa ziwonetsero zamalonda, ndipo kukakhala chiwonetsero chachikulu ku NürnbergMesse, mahotela amenewa amadzaza ndi a bizinesi m'kati mwa mlungu. Mukaona mtengo wa Lachiwiri ukuposa wa Loweruka, chifukwa chake chimakhala chimenecho. Sunthani masiku.

*Chisamaliro.* Polandirira alendo pamakhala munthu usana ndi usiku, chikepe chilipo, ndipo kuli zipinda zokonzedwera oyenda pa njinga ya olumala. Kalata yotsimikizira malo imatuluka pompopompo, yolembedwa mwadongosolo, yoyenera kuika pa mapepala a visa. Mukasankha mtengo wololeza kusintha, ambiri amakulolani kutero mpaka tsiku lofika kapena dzulo lake. Palibe amene adzakukumbukireni dzina, koma palibenso chodzidzimutsa.

*Zimene zingavute.* Mphindi 15 zija zimaoneka zochepa m'mawa, koma madzulo miyendo itatopa zimalepheretsa ambiri kubwerera kukapuma. Mungakwere sitima yapansi ya U1 siteshoni imodzi kuchokera ku Lorenzkirche, ngakhale kuti phindu lake ndi lochepa. Ndiponso, monga m'mizinda ikuluikulu yambiri, njira zapansi zozungulira siteshoni zimakhala ndi anthu oledzera ndi ogwiritsa ntchito mankhwala, makamaka usiku. Apolisi amakhalapo, ndipo anthu masauzande amadutsa tsiku lililonse bwinobwino, koma mayi woyenda yekha angasankhe kuwoloka msewu pamwamba. Ubwino wa malowa ndi wakuti sitima ya U2 imakufikitsani ku bwalo la ndege m'mphindi pafupifupi 12, ndipo masitima othamanga a ICE opita ku Munich ndi ku Frankfurt ali pakhomo.

Njira yachitatu: nyumba yalendi ya masiku ochepa

Izi ndi zija za pa Airbnb ndi malo ena otero, zimene Ajeremani amati Ferienwohnung.

*Mtengo.* Musanyengeke ndi mtengo wa usiku umodzi. Pamwamba pake pamabwera ndalama yokonzera m'nyumba mukachoka, imene ndi yofanana kaya mwagona masiku awiri kaya asanu ndi awiri, komanso ndalama ya kampani yosungitsira. Tiyerekeze kuti yokonzerayo ndi ma euro 60: anthu awiri ogona masiku awiri aonjezera ma euro 15 aliyense pa usiku, pamene anthu asanu ogona masiku anayi aonjezera ma euro 3 okha. Nyumba imapindulitsa gulu ndi ulendo wautali. Phindu lina ndi khitchini. Zakudya za pamsika zimadya ndalama mwakachetechete, ndipo banja lophika madzulo limasunga zambiri.

*Kupezeka kwake.* M'kati mwa linga ndi zochepa. Mzinda wa Nuremberg uli ndi lamulo loletsa kusandutsa nyumba zokhalamo anthu kukhala za alendo kupitirira milungu 8 pachaka popanda chilolezo. Zambiri mudzazipeza m'madera ozungulira monga Gostenhof, St. Johannis ndi Südstadt, kumene mumafika pamsika pa sitima yapansi, pa tramu kapena wapansi.

*Chisamaliro.* Zonse zili m'manja mwanu. Mumagula zakudya, kutsuka mbale, ndi kulekanitsa zinyalala: mapepala kwawo, mapulasitiki kwawo, magalasi kwawo. Mabotolo ambiri a zakumwa ali ndi chikole chimene amati Pfand, masenti 25 pa botolo la pulasitiki kapena chitini, ndipo mumachibweza ku makina a m'sitolo. Masitolo a ku Bavaria, chigawo chimene muli Nuremberg, amatseka 8 koloko usiku, ndipo Lamulungu satsegula, kupatula a m'siteshoni. Mukafika Loweruka usiku muli chimanjamanja, mudzagona ndi njala m'nyumba ya khitchini yabwino. Amene sagona osadya nsima anganyamule ufa pang'ono, koma nyama ndi zamkaka n'zoletsedwa kulowa nazo m'maiko a European Union kuchokera kunja, kuphatikizapo ku Britain. Kuyambira 10 koloko usiku ndi nthawi ya bata, ndipo oyandikana nawo amaisunga ndithu. Ife tikakumana asanu, kuseka kwathu kumamveka patali, ndiye ndi bwino kuuzana nkhani imeneyi musanalowe.

*Zimene zingavute.* Vuto lalikulu ndi mwini nyumba kusintha maganizo tsiku litayandikira. Ndalama amakubwezerani, koma mu Disembala malo ena pa mtengo womwewo simuwapeza, ndipo ngati visa yanu inadalira adiresi imeneyo, mutu umakula. Chotenthetsera chikawonongeka usiku palibe wa polandirira alendo woti mum'gogodere. Pali nkhani inanso imene sitiyenera kuibisa: pamene mwini nyumba amaona chithunzi ndi dzina lanu asanavomere, ena a ife akhungu lakuda timakanidwa popanda chifukwa chomveka. Kusankha nyumba zimene zimatsimikizika nthawi yomweyo, osadikira chivomerezo, kumapewetsa zimenezi. Ndipo musatumize ndalama kunja kwa kampani yosungitsira, kaya akulonjezeni kuchotsera kotani.

Njira yachinayi: hositelo

*Mtengo.* Kwa munthu mmodzi, bedi la m'chipinda chogona ambiri ndi lotchipa kuposa njira zonse. Kwa awiri ofuna chipinda chawochawo, kusiyana ndi hotela yotsika mtengo kumachepa, ndiye yerekezani bwino.

*Kupezeka kwake.* Yodziwika kwambiri ndi hositelo ya achinyamata (Jugendherberge) ya mu Kaiserstallung, nyumba ya m'ma 1490 yogundana ndi Kaiserburg, imene inamangidwa ngati nkhokwe ya tirigu. Imalandira akuluakulu ndi mabanja, koma imafuna khadi la umembala la DJH, bungwe la mahositelo la ku Germany, kapena la Hostelling International. Magulu a ana asukulu amadzaza m'kati mwa mlungu, mabanja kumathero a mlungu. Pafupi ndi siteshoni palinso mahositelo ena monga a&o.

*Chisamaliro.* Mumayala bedi nokha. Ku Jugendherberge kadzutsa ali m'kati mwa mtengo. Nyamulani tawulo ndi kaloko kotsekera kabati.

*Zimene zingavute.* Tulo. Wina amalowa 2 koloko usiku, wina amapakira 5 koloko m'mawa. Kupuma masana ndi kovuta m'chipinda chogawana, ndipo nyengo imeneyi ndi ya chimfine. Chitunda chopita ku Kaiserstallung ndi chotsetsereka ndithu ngati muli ndi katundu, koma m'mawa mukasuzumira pazenera n'kuona madenga ofiira a mzinda wonse pansi panu, mumamvetsa chifukwa chake anthu amakwerabe.

Njira yachisanu: kugona ku Fürth kapena ku Erlangen

Fürth inagundana ndi Nuremberg. Njanji yoyamba ya ku Germany, ya mu 1835, inalumikiza mizinda iwiriyi, ndipo lero sitima yapansi ya U1 imadutsa njira yofananayo. Erlangen ndi tauni ya yunivesite kumpoto, mphindi pafupifupi 20 pa sitima.

*Mtengo.* Zipinda zimakhala zotsikirapo, makamaka Loweruka. Muonjezere matikiti. Nuremberg ndi Fürth zili m'chigawo chimodzi cha mitengo ya VGN, bungwe loyang'anira matikiti a masitima ndi mabasi m'derali, ndipo tikiti ya tsiku ya TagesTicket Plus imatenga anthu mpaka 6, akuluakulu osapitirira awiri. Mukaigula Loweruka imagwiranso ntchito Lamulungu. Ya ku Erlangen ndi yokwererapo.

*Kupezeka kwake.* Kumeneku ndi kothawira pamene mzinda wakale wadzaza. Nakonso kumakwera pa masiku a ziwonetsero zamalonda.

*Chisamaliro.* Chimadalira mtundu wa malo amene mwasankha. Chofunika ndi kuyandikira siteshoni. Hotela yotchipa imene ikufuna basi kenako sitima yabweza kale phindu lake.

*Zimene zingavute.* Kupuma kwa masana kuja kwatayika. Mukachoka m'mawa, mumabwera usiku, ndipo makeke otsekemera otchedwa Lebkuchen, tizidole ta zipatso zouma totchedwa Zwetschgenmännle ndi makapu amene mwagula mumayenda nazo tsiku lonse, pokhapokha mutazisiya m'makabati olipira a pa siteshoni. Mumafunika kukonza kumene mukafunditsire thupi: m'tchalitchi cha St. Lorenz, m'nyumba ya wojambula zithunzi wakale Albrecht Dürer, kapena ku nyumba yosungira zinthu zakale ya Germanisches Nationalmuseum, kumene kuli kabokosi ka 1628 kaja. Pa siteshoni palibe zipata zotchinga, koma oyendera matikiti alipo, ndipo chindapusa ndi ma euro 60. Kumbali ina mumapeza mphatso: Fürth ili ndi msika wake pabwalo la Fürther Freiheit, Erlangen ili ndi wake pa Schlossplatz, ndipo kumeneko mumaima pakati pa eni dera, popanda kukankhana.

Ndani asankhe chiyani

Anthu awiri, bambo ndi mayi kapena mabwenzi, opita masiku awiri kapena atatu ndi chikwama chimodzichimodzi: hotela yaing'ono ya m'kati mwa linga, pakati pa mlungu. Ngati miyendo ili bwino sankhani ku Sebald. Ngati mukufuna malo opanda chitunda chachikulu ndi oyandikira sitima, ku Lorenz. Ndalama yoonjezera imene mwalipira mudzaiona phindu lake 3 koloko masana, pamene mwakhala pabedi mutavula nsapato, n'kutulukanso magetsi a msika akuyaka.

Amene visa sinatuluke, kapena amene ndege yake imafika usiku kwambiri kapena kunyamuka mbandakucha: hotela yaikulu ya pa siteshoni, pa mtengo wololeza kusintha. Visa ikatuluka msanga ndipo mwapeza chipinda m'kati mwa linga, mungasamukire kumeneko, bola masiku ndi mzinda zikhale zomwe munalemba, ndipo munyamule kalata yatsopanoyo pofika pachipata.

Amene mwatenga makolo ochokera kumudzi, omwe sanaonepo kuzizira kotere: funani chikepe ndi kufupika, zonse ziwiri. Hotela yaing'ono ya ku Lorenz imene yatsimikiza molemba kuti chikepe chimafika pa chipinda chawo ndi yabwino koposa. Ikasowa, pitani ku yaikulu ndipo muzikwera takisi kapena U1 popanda manyazi. Musawagoneke ku Erlangen.

Banja la ana aang'ono: masiku akakhala awiri, chipinda cha banja m'hotela yaikulu kapena ku Jugendherberge. Masiku akakhala anayi kapena kuposerapo, nyumba yalendi pafupi ndi siteshoni ya sitima yapansi. Msika wa ana, Kinderweihnacht, uli pa Hans-Sachs-Platz kuseri kwa Frauenkirche, ndipo kangolo ka mwana kamayenda bwino m'mawa, msika ukangotsegula 10 koloko.

Gulu la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, monga amayi a ku mpingo kapena anzanu a ku ntchito: nyumba yalendi ku Gostenhof kapena ku St. Johannis. Mmodzi asungitse, onse apereke ndalama zawo nthawi yomweyo, ndipo mugwirizane pasadakhale chochita wina akalephera kupita.

Wophunzira kapena woyenda yekha ndi ndalama zochepa: hositelo, Lamulungu mpaka Lachitatu.

Amene mwaganiza za ulendowu Novembala ali pakati, ndipo tsiku lokhalo limene muli nalo ndi Loweruka: yambirani ku Fürth, pafupi ndi siteshoni ya U1. Ngati mukufuna kuonanso Bamberg, yomwe ili chakumpoto panjanji yodutsa ku Erlangen, Erlangen ili pakati pa Bamberg ndi Nuremberg ndipo ikuyenerani kuposa Fürth.